Sipanala imene a Zuze anagwetsa

Pamaliro a amuna anga, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti a Zuze anali mmisiri wosalakwitsa, kuti mjigo uliwonse umene anaugwira unkatulutsa madzi tsiku lomwelo. Anthu anavomereza. Ine ndinali pamkeka pakati pa amayi, chitenje kumutu, ndipo ndinadziluma mlomo. Eniake akanamva, akanagogoda m'bokosimo. Tsopano chaka chakwana, ana akufuna kumanga chiliza, ndipo andifunsa mawu oti alembepo. Pachiliza pamalowa mawu ochepa. Ndiye ndati ndilembe pano zimene sizingakwane pasimenti.

A Zuze ankakonza mijigo m'midzi ya kuno kwa Makhuwira, nthawi zina mpaka ku Chiromo. Anabadwira kutsidya kwa malire, anabwera kuno asanakwatire, ndipo Chisena chinkawabwerera akakwiya ndi akamapemphera. Anali aafupi, koma manja aakulu ngati obwereka. Akafika pamjigo sankayamba ndi kumasula. Ankauza mayi mmodzi kuti apope, iwo n'kutsamiritsa khutu pachitsulo atatsinzina, ngati mzamba akumvera mwana m'mimba. Kenako ankalawa madziwo n'kulavula. Sipanala iliyonse ankaimangirira chingwe, chingwecho n'kuchikoleka padzanja. Amayi ankawaseka kuti a Zuze amamanga zitsulo ngati mbuzi zakuba chimanga. Inenso ndinkaseka nawo. A Zuze sankaseka.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa nimu. M'nthambi zake ankapachikamo zinthu zimene anaziononga okha: labala wa m'kati mwa mjigo wodulidwa molakwika, paipi yong'aluka chifukwa anaimanga mothina, ndodo yachitsulo yopindika. Ine zinkandinyansa. Mlendo akabwera, m'malo momuonetsa mbuzi kapena nkhokwe, ankamutengera pansi pa nimu n'kumufotokozera chimodzichimodzi: ichi ndinachita mwakuti, anthu anasowa madzi masiku akuti. Pakutha pa mwezi pankasonkhana amisiri anzawo ndi a makomiti a mijigo, aliyense kunena chimene chinamulakwikira. Woyamba ankakhala iwo. Lamulo lawo linali lakuti wonena asadulidwe mawu, asasekedwe kufikira ataseka yekha, ndipo dzina lake litsale pansi pa mtengo pomwepo, kunja kupite phunziro lokha.

Ndikukumbukira mmisiri wina wa ku Chiromo amene anabwera miyezi itatu osatsegula pakamwa. Mwezi wachinayi ananena, thukuta lili kamukamu, kuti anaika labala chadodolido, n'kuzula mjigo wonse katatu kufunafuna vuto limene analiika yekha. Atamaliza anaseka, ndipo pamenepo amuna ena awiri anavomera kuti nawonso zinawachitikira. Kuyambira tsiku limenelo onse anayamba kulemba kachizindikiro kumwamba kwa labala asanamuike. A Zuze anasangalala ngati abadwitsa mwana wamwamuna.

Ine ndi iwo tinakanganapo kangapo pa zimenezi.

"Bambo a Rozina, mukudzivula pagulu," ndinawauza tsiku lina. "Ndani adzaitana mmisiri wolengeza yekha kuti amaononga?"

"Nanga aitane uti? Wobisa?"

"Aitana wokhala chete. Anzanu ambiri ali chete, ndipo akudya."

"Akudya, inde. Anthu awo akumwa chiyani?"

Ankakonda kunena kuti mmisiri amene sanaonongepo ndi wabodza, apo ayi wayamba dzulo. Ankanenanso kuti cholakwa chonenedwa chimapweteka mwini wake tsiku limodzi, koma chobisidwa chimakhala phee kudikira munthu wina amene sakuchidziwa.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Denga lathu linadontha mvula ziwiri iwo ali pamijigo ya eni. Wothyola chinthu ankamukhululukira asanamalize n'kupepesa komwe, koma wonama ankamusungira. Mng'ono wawo weniweni sanamulankhule kuyambira kubzala mpaka kukolola mapira, chifukwa anabwereka njinga, n'kuthyola masipoko awiri, n'kunena kuti anaipeza choncho. Munthu wina wa ku ofesi atabwera ndi pepala kufuna dzina la amene anaononga silinda, chitsulo chokoka madzi pansi pa mjigo, m'mudzi wina, anamuuza kuti alembe Zuze, popeza ndiwo anaphunzitsa munthuyo. Mlendoyo anaumirira, iwonso anaumirira, mpaka tiyi anazizira m'makapu.

Chimene ndikufuna chisaiwalike chinachitika mwezi wa Okutobala, zaka zingapo asanayambe kudwala.

Mijigo yambiri ya kuno imatulutsa madzi amchere, oti nyemba sizipsa, sopo sachita thovu. M'mudzi mwathu wa madzi okoma ndi umodzi wokha. Ukafa, amayi amatsikira ku Shire, ndipo ku Shire kuli ng'ona.

Nthawi imeneyo a Zuze anali atapita kutsidya kukaika mlongo wawo, ulendo wa sabata ndi masiku. Mjigo unayamba kutulutsa madzi ochepa, chifukwa paipi imodzi pansipo inali itang'aluka. Mukomiti yathu munali Esitere, mayi wamasiye amene anachokera kudambo kwa Nyachikadza madzi atamukokolorera nyumba, n'kupatsidwa kamalo kumapeto kwa mudzi. Pa onse amene a Zuze anawaphunzitsa, iye ndiye anali ndi manja. Anthu anamukakamiza kuti asadikire. Iye ndi a Fombe, wapampando wa komiti, ndi amuna ena anazula mapaipi, anadula pong'alukapo, analumikiza ndi guluu, n'kuyamba kubwezera. Ali pakati, polumikizapo panamasuka. Mapaipi a m'munsi pamodzi ndi silinda anatsetserekera pansi pa dzenje. Ine ndinali pamzere ndi ndowa yanga. Ndinamva phokoso lake, lakuya, ngati munthu wameza chinthu chachikulu.

Pamene a Zuze ankafika, amayi anali atatunga ku Shire masiku anayi. Tsiku lachitatu ng'ona inaonekera padooko, anthu anathawa n'kusiya ndowa. Ana a Esitere ankagendedwa panjira. Wina anali atachotsa chitseko cha nyumba yake n'kukachiponya m'munda wa thonje, kuti adziwe kuti nthawi yake m'mudzi muno yatha. Masana amenewo mudzi wonse unali pamjigo, iye atakhala pansi pakati, manja pamiyendo.

A Zuze sanafike n'kunyumba komwe. Anatsamiritsa njinga pampanda, ananditumiza kalilole wanga, n'kuwalitsira dzuwa m'dzenjemo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"M'dzenjemu muli chiyani?" anafunsa.

"Funsani mayi wanuyu," anatero a Fombe. "Ndiye mwini ntchito."

"Sindinafunse mwini, a Fombe. Ndafunsa zimene zili pansipo."

"Abwerere kwawo kudambo!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Iye ng'ona anazizolowera, ife ayi!"

A Zuze ananjuta pafupi ndi Esitere. "Mwananga, tandiuza mmene munachitira, kuyambira poyamba."

"Anangogwa okha, baba," anatero osadzutsa mutu. "Ine sindikudziwa."

Pamenepo anaimirira n'kufotokozera anthu. Mapaipi akagwa amawedzedwa ndi mbedza yachitsulo yotsitsidwa ndi ndodo. Koma dzenje ndi lopapatiza, lolowa mkono wokha, ndipo wowedza saona kumene akuwedza. Ngati pamwamba pa mapaipiwo pagona chinthu china, kaya chitsulo kaya chiyani, iye n'kukoka osadziwa, chinthucho chimapanikizika m'mbali ndipo zonse zimagwirana pomwepo mpaka kalekale. Mwayi ndi umodzi. Anati satsitsa mbedza kufikira atamva chilichonse chimene chinalowa m'dzenjemo.

Dzuwa linali paliwombo, simenti ikuotcha mapazi. A Fombe ankayang'ana kumapiri a Thyolo.

"Ndiye tizimwa nkhani zanuzo?" anatero mwamuna wina. "Achoke mayiyu, inu muwedze, basi."

"Akachoka, achoka ndi zimene akudziwa."

"Mukumuikira kumbuyo chifukwa nonse mumalankhula Chisena!"

Ena anayamba kusendera kutsogolo. Ndinaona dzanja la munthu litafumbata mwala. Ndinawagwira malaya a Zuze kuti tichoke. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pasimenti yotenthayo, pambali pa Esitere, ngati nawonso ndi oimbidwa mlandu.

"Chabwino," anatero. "Ndiyambe ndine, monga mwa masiku onse. Koma ichi pamtengo wanga paja palibe."

Anati akadali mmisiri watsopano, tisanakwatirane, anaitanidwa kumudzi wa kumunsi, wa m'mphepete mwa Shire, kukasintha paipi. Potseka, sipanala yaikulu inawapulumuka n'kugwera m'dzenje, m'mbali mwa mapaipi. Palibe anaona. Mjigo unkapopa bwinobwino, anthu anawaphera nkhuku, iwo anadya n'kubwerera. Patapita chaka, mapaipi a mjigo umenewo anagwa m'manja mwa mmisiri wina. Munthuyo anatsitsa mbedza, anakola, anakoka, sipanala ija n'kupanikizika. Mjigo unafera pomwepo. Anthu anamulanda njinga n'kumuthamangitsa, ndipo sanagwirenso ntchito imeneyi. A Zuze anamva zonsezo n'kukhala chete. Amayi a kumeneko anabwerera kumtsinje. Chilimwe chomwecho ng'ona inagwira mtsikana akutunga.

Aliyense wa msinkhu wathu ankaidziwa nkhani ya mtsikanayo. Aliyense ankadziwanso kuti mkulu wake, a Joana, anakwatiwa m'mudzi mwathu mommuno. Anali pomwepo, ataima pafupi ndi mpanda.

Munthu ndagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi, ndabereka naye ana asanu, ndikumvera pamodzi ndi mudzi.

A Joana anayenda mpaka pamene a Zuze anakhala.

"Bwerezani," anatero.

"Sipanala inali yanga, mayi. Ndikanalankhula, mjigo uja ukanakhala moyo."

"Dzina lake mukulidziwa?"

"Marita."

"Mwalisunga zaka zonsezi."

"Ndalisunga."

"Mayi anga anamwalira akutukwana munthu wosalakwa." Mawu awo sanakwere. "Ndipo inu munabwera kumaliro awo. Munadya."

Ndinkadikira kuti mwala uja tsopano ugwera a Zuze. A Joana anatembenuka n'kudutsa pakati pa anthu, anthu n'kuwapatukira.

Kenako Esitere anayamba kulankhula, motsitsa, moti akumbuyo anachita kusendera kuti amve. Anati guluu anali atalimba m'chitini chifukwa cha kutentha, ndiye anathiramo parafini pang'ono kuti asungunuke. Anati atalumikiza sanadikire kuti agwire, popeza mzere wa ndowa unali utafika kumsewu ndipo amayi ankamukuwiza kuti ana ali ndi ludzu.

"Wokuwa kwambiri ndinali ine," ndinangopezeka ndanena. Zinali zoona.

"Nanga chingwe?" anafunsa a Zuze. Mapaipi a mjigo amamangidwa chingwe cha nayiloni kuchokera pansi mpaka pamwamba, kuti akamasuka asagwe. "Chingwe chinali kuti?"

Esitere sanayang'ane munthu. Amene anatsokomola anali a Fombe.

"Chingwecho ndinadulako ine. Titazula ndinaona ngati chatalika, ndiye ng'ombe zanga zinalibe cha pagoli." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Chotsalacho ndinalumikiza ndi cha khonje."

"Chinanso?"

"Palibe."

"A Fombe, ine ndanena za munthu wakufa. Inu mukuopa chiyani?"

A Fombe anayang'ana pansi. Kenako anati m'mawa mwake mwa tsiku limene mapaipi anagwa, anabwera okha ndi chitsulo chokowera cha pangolo, anachimanga kuchingwe, kuyesa kuwedza kuti nkhani ithe a Zuze asanabwere. Chingwe chinaduka. Chitsulocho chili pansipo, pamwamba pa mapaipi.

Anthu anang'ung'udza, wina anatukwana. A Zuze anakweza dzanja, n'kuthokoza m'Chisena.

"Takhuta, a Fombe. Mwaupulumutsa mjigowu. Chitsulocho n'chotalika bwanji? Ngowe yake njotani?"

A Fombe anagwada n'kujambula ndi chala pafumbi. Ndipo a Zuze anauza anthu mbali yawo. Anati komitiyi anaiphunzitsa mwezi wa Juni, kukuzizira, guluu ali wamadzimadzi, ndipo sanaiuzepo zimene guluu amachita padzuwa la Okutobala, kapena kuti wolimba ndi wotaya basi. Sanaiuzenso kuti chingwe chimatalika dala. Anati zimenezi ankazidziwa ngati dzina lawo, n'chifukwa chake anaiwala kuti ena sakuzidziwa. Sindinaone pamene mwala uja unatayidwa. Ndinangoona kuti anthu ayamba kukhala pansi.

Kuwedza kunatenga masiku atatu, ndipo masiku onsewo amayi ankapitabe ku Shire, amuna akuwaperekeza ndi nsungwi zomenyera madzi. A Zuze anayamba apinda kambedza kakang'ono kolingana ndi chojambula cha a Fombe. Tsiku loyamba sikanakole kanthu. Lachiwiri kanakola, kanapulumuka, kanakolanso, ndipo chitsulo cha pangolo chinatuluka dzuwa litapendeka. Tsiku lachitatu anatsitsa mbedza yaikulu, ndodo n'kupatsa Esitere, manja awo pamwamba pa ake, kuti amve mmene paipi imalumira ikakodwa. Mutu wa paipi utaonekera, Esitere anakhala pansi n'kuyamba kulira. A Fombe ndi amene anakatola chitseko m'munda wa thonje n'kukachibwezera okha. Esitere akadali m'mudzi muno, ndipo mijigo ya kuno lero akukonza ndi iyeyo.

Koma sizinathere m'chimwemwe. Sabata yotsatira a Zuze anapalasa njinga kupita kumunsi kuja, kukanena zomwezo pamaso pa eni ake. Anabwerako mlomo utatupa, ndipo midzi ya kumeneko sinawaitanenso. Anafunafuna mmisiri anathamangitsidwa uja, n'kupeza kuti anamwalira kalekale ku Bangula, ali mlonda. Ine ndinakhala mwezi wathunthu ndikuwaphikira osawalankhula. Chimene chinkandiwawa sichinali sipanala ayi, koma kuti anandisiya ndikuseka za mbuzi zakuba chimanga zaka zonsezo. Nditawafunsa chifukwa chake sanandiuze ine poyamba, anati ine ndikanawakhululukira, iwo akanapumula, ndipo nkhani ikanathera m'nyumba.

A Joana sanawapatsenso moni a Zuze. Ankatunga pamjigo womwewo, koma akaona njinga yawo ankayang'ana kumbali. A Zuze sanadandaulepo. Ankati munthu amanena cholakwa chake kuti chisagwere wina, osati kuti amukonde, ndipo kukhululuka ndi kwa mwini bala.

Miyendo itayamba kutupa sankathanso kukwera njinga. Ndinkawayalira mphasa pakhonde la kum'mawa, pamene pamaonekera njira. Sabata yomaliza anandituma kwa a Joana. Ndinapita. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anamvetsera uthenga wonse, n'kunena kuti amva. Sanabwere. Lachisanu a Zuze anandifunsa kawiri ngati kunjira kukubwera munthu. Loweruka m'mawa anatisiya.

Kwathu kuno maliro akagwa, mayi aliyense amabweretsa madzi pasiwa. Tsiku loika maliro, ndowa zinali zambiri, ndipo sindinaone kuti wabweretsa iti ndani. Anthu atabalalika, aliyense anatenga yake. Inatsala imodzi pakhonde la kum'mawa, yodzaza, yovundikira ndi mbale. Mwana wanga Rozina ndi amene anaona chilembo chootcha ndi msomali m'mbali mwake, n'kunena kuti ndi ya a Joana.

Pakhondepo lero palibe mphasa. Dothi linasalala pamene ankagona, ndipo pakhoma pali malo akuda pamene mutu wawo unkatsamira. Masana nkhuku zimakwerapo kuthawa dzuwa, ine osazithamangitsa. Ndowayo ili pakona. Madzi ake tinamwa. Ndi a Joana timakumana pamjigo, timapatsana moni, timafunsana za ana. Ndowayo iwo sanaifunsepo, ine sindinaibweze. Sindikudziwa ngati anaiiwala kapena anasiyira a Zuze. Posesa ndimaizungulira.